Za Anthu N'zodziwa Kale? Tiyeni Tikafunse ku Chitipa

Mwana akafika Folomu 3, nthawi yoganizira maphunziro amene adzalembe pa mayeso a MSCE, pakhomo pamamveka malangizo amene ambirife tinakula nawo. "Limbikira masamu ndi sayansi, mwanawe. Za Social n'zongowerenga usiku umodzi, ukakhoza." Olankhulawo ndi makolo achikondi, amene agulitsa khofi, nyemba kapena mbuzi kuti fizi ipezeke, ndipo akufuna kuti thukuta lawo libale ntchito yooneka. Pa masamu ndi sayansi akunena zoona. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa chiganizo chachiwiricho, chifukwa chimapeputsa phunziro limene mwana wa ku Chitipa ali ndi mwayi wolimvetsa kuposa ana ambiri m'dziko muno.

M'sukulu zathu za sekondale mulibe phunziro lotchedwa sociology loima palokha. Mbewu zake zili mu Social Studies, momwe ana amaphunzira za banja, chikhalidwe, utsogoleri, chiwerengero cha anthu ndi chitukuko. Amene akufuna kulizama amakalipeza ku yunivesite, monga ku University of Malawi ku Zomba. Ntchito yake ndi kufufuza mwadongosolo mmene anthu amakhalira pamodzi: chimene chimawamanga, chimene chimawagawa, ndi chifukwa chake moyo wa munthu mmodzi umatsata njira zimene iye sanazilambule yekha.

Chikhulupiriro chofala kwambiri n'chakuti zonsezi n'zodziwa kale. Anthu amati, tonse tinabadwira m'banja, tonse tili ndi mfumu, tonse timapita ku maliro, nanga mphunzitsi atiuzanso chiyani? Maganizowa ali ndi pogwira, pakuti zinthu zimene phunziroli limakamba timaziona tsiku lililonse. Koma munthu amene wadya nyemba moyo wake wonse sasanduka mlangizi wa zaulimi chifukwa cha kudyako. Kukhala pakati pa anthu kumatipatsa nkhani zambiri, koma sikutiuza kuti mwa nkhanizo yoona ndi iti.

Tiyese ndi funso losavuta. Funsani munthu ku Lilongwe kapena ku Thyolo kuti ku Chitipa kumakhala anthu a mtundu wanji. Ambiri ayankha mosazengereza kuti ndi Atumbuka, poti ndi kumpoto. Yankholi amaliona ngati lodziwikiratu, koma likusiya kunja anthu ochuluka a m'bomalo. Chitumbuka chilikodi, makamaka kummwera kwa boma, cha ku Nthalire ndi ku Wenya, ndipo ambiri amachigwiritsa ntchito pomvana ndi anthu a zilankhulo zina. Koma m'dera la Mwabulambya muli Alambya ndi Chilambya chawo. M'mapiri a Misuku mumamveka Chisukwa ndi Chindali. Cha kwa Kameme, pafupi ndi malire a Zambia ndi Tanzania, kuli Chinyiha, Chinamwanga ndi Chimambwe. Onjezanipo Chibemba, Chinkhonde ndi Chiswahili cha pamsika. Boma limodzi, la anthu opitirira pang'ono 230,000 pa kalembera wa 2018, lili ndi zilankhulo zoposa khumi. Kalembera yemweyo anawerenga Alambya ndi Asukwa ngati mitundu yoima payokha, ngakhale kuti uliwonse sufika pa munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse m'dziko lino.

Kudziwa mayina a zilankhulozi n'chiyambi chabe. Phunziroli limayambira pamene mwana afunsa kuti zinatheka bwanji. Mphunzitsi pa sukulu yoyendera ya kwa Kameme kapena ku Misuku atha kuuza ana a m'kalasi mwake kuti aliyense alembe chilankhulo chimene amalankhula ndi agogo ake, chimene amapempherera kutchalitchi, chimene amatsatsira malonda pamsika, ndi chimene amayankhira m'kalasi. Akaika mayankhowo pabolodi, ana aona okha kuti mnzawo amene amakhala chete pa phunziro la Chingerezi amasinthasintha zilankhulo zitatu kapena zinayi tsiku lililonse, ndipo chilichonse chili ndi malo ake. Kuchokera apo mafunso amabwera okha. Chitumbuka chinalowa bwanji m'mapemphero a anthu amene kwawo salankhula Chitumbuka? Yankho likutifikitsa ku mishoni ya Livingstonia, imene inafalitsa sukulu, nyimbo ndi mabuku m'chilankhulocho. Nanga Chichewa chinafika bwanji kutali chonchi? Tibwerere ku 1968, pamene boma la Kamuzu Banda linachisankha kukhala chilankhulo cha dziko lonse, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ya MBC mpaka 1994. Nanga n'chifukwa chiyani munthu wa kuno ali ndi amalume tsidya la mtsinje wa Songwe amene ali ndi chiphaso cha Tanzania? Chifukwa malirewo anagwirizana ndi Britain ndi Germany mu 1890, osafunsa mabanja amene ankakhala mbali zonse ziwiri za mtsinjewo. Bolodi limodzi lasonyeza mwana kuti lilime lake lomwe linaumbidwa ndi mpingo, boma, msika ndi atsamunda. Izi sakanazidziwa pongokhala pakhomo.

Pali chikhulupiriro china chimene chimafuna kuchigwira mosamala, chifukwa ena chimawanyaditsa pamene ena chimawapweteka. Ndi chija chakuti anthu akumpoto amabadwa ndi nzeru za sukulu. Chimanenedwa kummwera, nthawi zina mwansanje, ndipo chimanenedwanso kumpoto komweko monyadira. Anthu sanangochipeka, anaona kanthu: kwa zaka zambiri, aphunzitsi, akalaliki ndi ogwira ntchito m'boma ochokera kumpoto anali ochuluka poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu a chigawocho. Zimene anaonazo n'zoona. Cholakwika ndi chifukwa chimene anapereka. Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako mu 1894 Robert Laws anakhazikitsa sukulu yaikulu ku Khondowe. Sukuluyo inkaphunzitsa mozama kuposa sukulu zambiri za nthawi imeneyo, ndipo omaliza maphunziro ankatsegula sukulu zing'onozing'ono m'midzi. Komanso kumpoto kunalibe minda yambiri ikuluikulu ya azungu ngati ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, kumene munthu akanapeza ganyu pafupi. Wofuna ndalama ya msonkho ankayenera kuyenda ulendo wautali, ku migodi ya kopa ku Northern Rhodesia, ku golide wa ku Lupa ku Tanganyika, kapena ku South Africa, ndipo anaona msanga kuti wodziwa kulemba amapatsidwa ukalaliki pamene anzake akutsika m'dzenje. Bambo wotere pobwera kumudzi ankaumiriza ana ake sukulu, anawo n'kudzaumirizanso awo. Pakapita mibadwo itatu, chizolowezi chimaoneka ngati chili m'magazi.

Chikhulupirirochi chakhala ndi mtengo wake. Mu 1989 boma linalamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ndipo mabanja ambiri akumpoto anasamuka mwadzidzidzi. Mkangano wa kota posankha ophunzira opita ku yunivesite unatenga zaka zambiri, anthu akulankhula ngati kuti nzeru zili ndi boma lochokera. Mwana wa Folomu 3 amene waphunzira kufunsa kuti "chinachititsa n'chiyani" amamasuka mbali zonse. Wa ku Nsanje saganizanso kuti anabadwira kolakwika. Wa ku Nthalire amene masamu akumuvuta sadziona ngati wochititsa manyazi mtundu wake, koma amayamba kuona mtunda umene amayenda popita kusukulu, mabuku amene akusowa, ndi nthawi imene amathera kumunda. Ndipo amaona kuti m'Chitipa momwemo muli kusiyana: mwana wa pa boma ndi mwana wa kuseri kwa mapiri a Mafinga sayambira pamzere umodzi, ngakhale onse atchedwe akumpoto.

Nkhawa imene ndimaimvetsa kwambiri ndi ya akuluakulu amene amati phunziroli n'la azungu, ndipo limaphunzitsa ana kunyoza miyambo. Pa chiyambi chake sakunama kwenikweni. Dzina loti sociology linaperekedwa ndi Auguste Comte wa ku France m'zaka za m'ma 1830, ndipo mabuku ambiri oyambirira analembedwa ku Ulaya. Komabe zaka mazana anayi ndi theka Comte asanalembe, Ibn Khaldun, wobadwira ku Tunis kumpoto kwa Africa, anali atafotokoza kale mmene umodzi wa anthu umakwezera maufumu ndi mmene kutha kwake kumawagwetsera. Ndipo zina mwa zimene dziko lapansi limaphunzira lero za mabanja ndi midzi zinachokera kwa agogo athu omwe. Godfrey ndi Monica Wilson anakhala pakati pa Anyakyusa ndi Ankhonde m'zaka za m'ma 1930, pafupi ndithu ndi Chitipa. Buku la Monica Wilson la 1951, Good Company, linafotokoza midzi ya Anyakyusa imene anyamata a msinkhu umodzi ankachoka m'nyumba za makolo ali aang'ono n'kumanga pamodzi m'mphepete mwa mudzi, mpaka malowo kudzakhala mudzi wawo akakwatira. Ophunzira ku London ndi ku Chicago ankawerenga za midzi imeneyi. J. Clyde Mitchell analemba za mudzi wa Chiyao mu 1956, ndipo Jaap van Velsen analemba za Atonga a ku Nkhata Bay mu 1964. N'zoona kuti ofufuzawa ankagwira ntchito pansi pa ulamuliro wa atsamunda, ndipo zina ankaziona ndi maso a alendo. N'chifukwa chake zikufunika kuti ana a eni nthaka aphunzire luso lomwelo, awerenge zimene zinalembedwa za makolo awo, avomereze zoona ndi kukonza zopotoka. Amalawi anayamba kale ntchitoyi. Centre for Social Research ya ku Zomba yakhala ikufufuza za moyo wa anthu m'dziko muno kuchokera mu 1979.

Nanga za kunyoza miyambo? Phunziro lophunzitsidwa bwino siliyamba ndi kuweruza. Limayamba ndi kufunsa kuti mwambowu umagwira ntchito yanji, unayamba pa zifukwa ziti, akupindula ndani, ndipo akusenza katundu wake ndani. Tengani nkhani ya ukwati. Ku Chitipa, monga m'madera ambiri akumpoto, mwamuna amapereka malowolo, mkazi amapita kukakhala kwa mwamuna, ndipo ana amawerengedwa a mbali ya bambo. M'madera ambiri a pakati ndi kummwera kuli chikamwini, mwamuna ndiye amapita kwa mkazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Popanda kuphunzira, aliyense amaona za mnzake ngati zachilendo: uyu amati akumpoto amagula akazi, uyo amati amuna akummwera alibe mawu pakhomo. Zonse ziwiri n'zonama. Mwana akayika njira ziwirizi pamodzi amazindikira kuti iliyonse ikuyankha mafunso omwewo: munda udzakhala wa yani, ana akadwala adzathamange ndani, banja likatha ndani atsale pamalo. Amaona kuti malowolo amamanga ubale wa mabanja awiri ndipo amapatsa ukwati mboni zambiri. Amaonanso pamene njira iliyonse imapsinja: mkazi wamasiye kumpoto amene alibe munda wakewake, kapena mkamwini kummwera amene amaopa kubzala mitengo pamalo amene angadzachotsedwepo. Mwana wotere sanyoza kwawo. Amakumvetsa, ndipo amasiya kunyoza kwa anzake.

Ndiyenera kunena poyera kuti mafunso amenewa nthawi zina amafika pa zinthu zopweteka. Mwambo wa kupimbira, wopereka mtsikana wamng'ono kwa munthu wachuma pofuna kubweza ngongole, wakhala ukutchulidwa m'madera ena a Karonga ndi Chitipa. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo. Apa phunziroli silibisa kuti mtsikanayo akulakwiridwa. Koma limapitirira pa kudzudzula. Limafunsa kuti ngongoleyo inabwera bwanji, njala inagwa mwezi uti, sukulu ya sekondale ili patali bwanji, ndipo bamboyo akanakongola kuti kwina. Mafumu ambiri amene akulimbana ndi maukwati a ana akudziwa kale kuti chindapusa chokha sichikwanira ngati umphawi umene unabala ngongoleyo ukadalipo. Mwana amene waphunzira kuona chomwechi amakhala mthandizi wa mfumu yake, osati mdani wa chikhalidwe.

C. Wright Mills wa ku America, m'buku lake la 1959, anaphunzitsa kusiyanitsa vuto la munthu mmodzi ndi vuto la dziko. Mnyamata mmodzi akamaliza Folomu 4 n'kukhala pakhomo wopanda chochita, mwina tingafunse za khama lake. Koma akakhala anyamata ambirimbiri m'boma lonse, ena akuwoloka malire kukasaka maganyu, ena akuyendetsa njinga zamoto za kabaza, funso silikhalanso la ulesi. Limakhala la malo ochepa m'makoleji, la kusowa kwa mafakitale, la mitengo ya mbewu. Ndimaona kuti ana athu akufunika kumva zimenezi asanachoke pasukulu, chifukwa ambiri amadziimba mlandu pa zinthu zimene sizinayambire mwa iwo. Émile Durkheim anasonyeza mu 1897 kuti ngakhale kudzipha, chinthu chimene chimaoneka cha mumtima mwa munthu yekha, kumachuluka kapena kuchepa malinga ndi mmene anthu alili omangika kwa anzawo. M'dziko limene nkhani za amuna odzipha chifukwa cha ngongole ndi mavuto a m'banja zikumveka kawirikawiri, mfundo imeneyi si yongolembera mayeso.

Tsono tibwerere ku mawu aja akuti n'zongowerenga usiku umodzi. Ngati phunziroli likhala kuloweza matanthauzo, mitundu isanu ya mabanja ndi ntchito zinayi za mfumu, ndiye kuti makolo akunena zoona, ndipo vuto lili pa kaphunzitsidwe. Koma kufufuza kwenikweni n'kovuta, ndipo masamu amene makolo akuwafunawo ali momwemo. Mwana akanena kuti anthu ambiri a ku Misuku asiya kulima khofi, kapena kuti ayamba kulima wambiri, mphunzitsi ayenera kumufunsa kuti wafunsa anthu angati, wawasankha bwanji, ndipo "ambiri" ndi angati mwa angati. Ngati wafunsa okhawo amene anawapeza pa kopaletivu tsiku logulitsa, sanamve za amene anazula mitengo yawo. Ngati wafunsa abambo okha, sanamve kuti amene amathyola ndi kusenza khofiyo ndani, ndiponso kuti ndalama ikabwera imasungidwa ndi yani. Ngati wafunsa m'Chichewa agogo amene amaganiza m'Chisukwa, mwina walandira yankho laulemu chabe. Kuwerengera maperesenti, kujambula tebulo, kusiyanitsa zimene waona ndi zimene akuganiza, zonsezi ndi luso lomwe amagwiritsa ntchito a National Statistical Office ku Zomba pochita kalembera, ndipo boma limadalira ziwerengero zawozo poganiza komanga sukulu ndi zipatala.

Za ntchito ndinena mwachidule. Palibe phunziro limene lero lingalonjeze mwana ntchito, ngakhale sayansi imene. Koma alangizi a zachitukuko ndi a zosamalira anthu, amene ambiri amaphunzira ku koleji ya Magomero, ofufuza, aphunzitsi, atolankhani ndi ogwira ntchito m'mabungwe amadya za luso limeneli. Ndipo namwino kapena injiniya amene sadziwa kufunsa anthu amamanga chinthu chabwino chimene eni ake sachigwiritsa ntchito.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti phunziroli silifuna labotale, chinthu chimene sukulu zambiri zoyendera zilibe. Zipangizo zake ndi kope, cholembera ndi anthu, ndipo ku Chitipa nkhani zofufuza zili pakhomo. Boma la Chitipa, limene atsamunda ankalitcha Fort Hill, linali pa njira ya Stevenson, imene inalambulidwa m'zaka za m'ma 1880 kuti ilumikize nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika. Patapita nthawi, dera lomwelo linasanduka lakutali, lovuta kufikako nthawi ya dzinja, ndipo msewu wa Karonga–Chitipa unakhala lonjezo la pa kampeni kwa zaka zambiri mpaka unaikidwa phula ndi thandizo la dziko la China kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010. Ana amene ali ku sekondale lero anakula phulalo lilipo, koma makolo ndi agogo awo akukumbukira za kale. Kalasi imodzi itha kugawana mafunso: ulendo wa ku Karonga unkatenga nthawi yaitali bwanji, mtengo wa nyemba unasintha motani ogula atayamba kufika ndi malole, ndi malonda ati amene anabadwa ndi ati amene anafa, achinyamata akukwatira kutali kuposa kale kapena ayi, ndipo midzi imene ili kutali ndi msewuwo yapindulapo chiyani. Mayankho adzasiyana pakati pa wamalonda wa pa boma ndi mayi wa ku Wenya, ndipo kusiyanako ndi kumene ana ayenera kukulemba mosamala, osasankha yankho limene lawasangalatsa.

Asanatuluke m'kalasi, mphunzitsi awauze malamulo a ntchitoyi. Ayambe akaonekera kwa a mfumu ndi kufotokoza chimene abwerera. Munthu aliyense amuuze kuti ali ndi ufulu wokana kuyankha. Afunse m'chilankhulo chimene wofunsidwayo ali womasuka nacho, ndipo apa ana aja a zilankhulo zinayi ndiwo adzatsogolere gulu. Mayina a anthu asalembedwe m'kope, ndipo zimene amva za ngongole kapena za m'banja la wina zisakafike pachitsime. Akamaliza kuwerengera, abwerere kumudzi komweko akawauze anthu zimene apeza, kuti eni nkhaniyo anene ngati anawo amva bwino kapena ayi.